Njovu Zanga pa Mtsinje wa Kum

Lachitatu, 15 Novembala

Dandaulo. Kwa a Obrad Tucaković, dokotala wa mano, amene amadzitchanso Mfumu ya Mafumu a Kumwera.

Bwana, ine Dobrila, mphunzitsi wa mbiri yakale pa yunivesite, mwini ufumu wa mizinda makumi awiri ndi itatu, ndikukudziwitsani mwachisoni kuti bulu wanu ali chiimire m'munda wanga wa tirigu kuyambira Okutobala. Inu mumati ndi kazitape. Kazitape amayenda, bwana. Uyu waima pomwe alimi anga akufuna kukumba ngalande, ndipo ndikamudina amalira. Achotsedwe msanga, apo ayi ndimudya.

Kalatayi ndaing'amba. Obrad akanaipachika pakhoma ku chipatala chake, odwala aziiwerenga kukamwa kuli yasaa.

Komatu bulu si nkhani. Nkhani ndi yomwe ndaona nditatsegula fayilo m'mawa. Zaka zisanu tili pa masewero amodzi omwewa a pakompyuta, anthu anayi, fayilo kumazungulira pa imelo: ine, Obrad, Desanka wa ku famase, Gvozden, nkubwereranso kwa ine. Usunthe asilikali ako, umange zako, utumize kwa mnzako, nkumadikira sabata yonse kuti uone amene wakubaya kumsana. Zaka zisanu tikulandana mizinda ngati anthu ophunzira. Ndiye lero ndi pamene ndapeza kuti Obrad anapereka doko lake la kumpoto kwa Gvozden kalekale, mu Seputembala. Wapereka! Ulele! Munthu amene chaka chatha anandiwotchera midzi isanu chifukwa ndinaseka ndevu zake.

Ndamuimbira. Akuti, "Dobrila, munthuyu ndi wodwala."

Ndati, doko limachiza sitiroko kuyambira liti?

Akuti ndilibe mtima. Ine! Mxii.

Lachinayi, 16 Novembala

Fayilo ikadali kwa ine. Ndili ndi mpaka mawa.

Njovu makumi anayi. Miyezi khumi ndi inayi ndakhala ndikuzisonkhanitsa, imodziimodzi, anthu anga akudya mkate wa utuchi. Ndinazidutsitsa m'mapiri osafa ngakhale imodzi. Zinafika pa mtsinje, moyang'anana ndi likulu la Gvozden, kumapeto kwa Ogasiti. Sabata yomweyo mwini likulu anagwa m'galaja mwake, sipanala ili m'manja. Kuyambira pamenepo fayilo yazungulira kakhumi ndi kamodzi, ndipo kakhumi ndi kamodzi ndadina batani loti dikirani. Mtsogoleri wankhondo wa mtundu wanji! Ophunzira anga atadziwa, sangabwerenso m'kalasi.

Lamulo tonse timalidziwa. Likulu likagwa, mzinda womwe muli nyumba yachifumu, ufumu wonse umaphwasuka ndipo mwini wake watuluka. Fayilo simufikiranso. Ndipo Ljubinka, mkazi wake, anandiuza kuti adokotala anati mausi ya kompyuta ndi mankhwala abwino a dzanja lake lamanja lomwe linafooka. Amasewera ndi lomwelo dala. Zomwe kale ankachita khofi asanazizire, pano zimamutengera maola anayi. Koma amameta ndevu tsiku limene fayilo ikubwera. Masiku enawa ayi.

Pa kadzutsa ndayesa kumufotokozera Bora. Mwamuna wanga sadziwa kusiyanitsa njovu ndi batani lozimitsira, koma pa nkhani iyi wasanduka katswiri. Sanatsitse ngakhale nyuzi.

"Gvozden ndi kum wathu. Anaima kumbuyo kwathu pa ukwati, ndiye anamupatsa dzina mwana wathu. Kumwamba Mulungu, pansi pano kum. Ukamugwetsa ndisamukira kwa mayi."

Ndati, zovala ndikulongedzere lero kapena mawa?

Sanaseke.

Lachisanu, 17 Novembala

Msonkhano wa mayiko. Malo: tebulo la pakona, m'nyumba ya khofi pafupi ndi famase ya Desanka, nthawi ya nkhomaliro. Anandiitana ngati akufuna kundiuza kuti wina wamwalira.

Apangana kale awiriwo, Obrad ndi Desanka. Palibe wokhudza Gvozden mpaka Pasaka. Aliyense azimupatsa kenakake, "mwanzeru, asazindikire". Ndipo ine ndibweze njovu kunyumba. Obrad anali atalemba papepala la mankhwala, mfundo imodzi, ziwiri, zitatu, ndi malo osainira. Nkhope ya sisitere. Munthu amene amaboola anthu mano akuimba mluzu!

Chomwe chandichititsa nseru kwambiri ndi mawu a Desanka. Akafika pa dzina la Gvozden amatsitsa mawu, mutu nkupendekera mbali imodzi ngati nkhuku yomwe ikuyang'ana mphamba. "Wachisoni uja." "Mnzathu uja." Uja, uja. Munthuyo ali moyo, ali pamtunda wa mphindi khumi, akudya supu. Ameneyu ndi Gvozden yemwe anandinamiza zaka ziwiri kuti ndife abale pa mgwirizano, uku akulipira achifwamba kuti azindibera mahatchi. Pano ati wachisoni uja.

Ndati, chifundo chinapha nkhwali.

Obrad akuti, "Ndiwe mphunzitsi wa mbiri, umangokonda mitembo."

Ndati, iwe umakonda mitembo yomwe ikupumabe, kuti uziisisita mutu.

Sindinasaine. Ndinanyamuka mwaulemerero, chikhotho chikuuluka, ndinasiya ngakhale keke. Ndafika kunyumba, ndatsegula fayilo, ndaika chala pa njovu yotsogola. Ndinayang'ana mtsinjewo mpaka maso anayamba kuwawa. Kenako ndadina dikirani, nkutumiza kwa Obrad.

Kakhumi ndi kawiri. Kusiyana kwa ine ndi iwo nkwakuti iwo ali ndi pepala.

Loweruka, 18 Novembala

Ndachonga mayeso makumi atatu. Aliyense wolemba kuti mfumu yakutiyakuti inazengereza ndamupatsa malikisi ochepa, ngati kuti wandinena ine.

Lamulungu, 19 Novembala

Ljubinka wabwera kudzabwereka mipando isanu ndi umodzi ndi mphika waukulu wophikira sarma, nyama yokulunga m'masamba a kabichi. Slava yawo, phwando la woyera woyang'anira banja lawo, ndi Lachiwiri, tsiku la Mikayeli Mngelo, monga chaka chilichonse. Iye amafuna chaka chino angoitana wansembe, adule mkate, basi. Gvozden anakana. Nkhumba yawotchedwa kale m'maganizo mwake.

Akuti vuto ndi kuima. Mwini nyumba sakhala pansi pa slava kandulo ikuyaka, bambo ake sanakhalepo, agogo ake sanakhalepo ngakhale anali ndi chipolopolo m'ntchafu. Ndiye wakhala akuyeserera m'khonde ndi wotchi. Dzulo wafika mphindi makumi anayi.

Tikutsitsa mipando pa masitepe, waima nkundigwira mkono, nkundiitana monga timaitanira kuma, kum wamkazi. "Kumo, za masewero anuwo ine sindizidziwa. Koma usamupweteke."

Ndinangoti, mphikawu ubwere ndi chivundikiro chake, chaka chatha unabwera wamaliseche.

Ndi zomwe ndinatha kunena. Madigiri awiri.

Lachiwiri, 21 Novembala

Ndilemba zonse ndisanaiwale, diresi ikadali m'beseni.

Tinafika cha m'ma 2 koloko ndi khofi, vinyo ndi maluwa. Pa slava sitiitanidwa, timangobwera, ndipo chaka chino kunabwera aliyense amene anamupatsako moni Gvozden chibadwire. Si njala ayi. Anabwera kudzaona ngati pakamwa papindika. Nyumba yodzaza, fungo la lubani ndi kabichi, kandulo ikuyaka pansi pa chithunzi cha mngelo, ndipo pakati pa zonsezi kum wanga, suti ikulendewera ngati yobwereka, ndodo m'dzanja lamanzere, chiimire.

Ndiye kwaya inayamba. "Khala, Gvozden." "Khala, mwana wanga, Mulungu akuona." "Mngelo sakwiya." Azakhali ena anamufunsa mokuwa, liwu limodzilimodzi, ngati akuwadziwa. Sitiroko ili ku dzanja, mayi, osati ku makutu. Obrad ankamutsatira ndi mpando, kumaukankhira kuseri kwa mawondo ake ngati akufuna kukola mwana wang'ombe. Desanka anamulanda botolo la rakija, kachasu wa kwathu, katatu konse. "Ndithira ine, iwe upume." Mwini nyumba, pa slava yake, kulandidwa botolo! Ndinaona khosi lake likufiira. Mawu amamutulukira mochedwa masiku ano, ndipo asanamalize wina amakhala atamumalizira kale, molakwika.

Nkhumba inali yabwino. Ndinadya mwaukali.

Atafika pa ine anali atalilandanso botolo. Anakolowetsa ndodo pa mkono, nkuligwira ndi dzanja lamanja. Ndinatambasula galasi. Dzanja linanjenjemera, linanjenjemera, kenako theka la rakija linathera pa diresi yanga yobiriwira, ya ku Trieste ija.

Zinangotuluka zokha. Ndinati, "Kume, ndinati m'galasi. Ngati ukufuna kundibatiza, wansembe wapita kale."

Mafoloko m'mwamba. Bora anandiponda phazi mpaka pano chala chikuwawa. Azakhali aja anadzilemba mtanda.

Gvozden anayamba kugwedezeka mapewa. Ndinaganiza kuti ikumubwereranso, ndinali nditadzuka kale. Kunali kuseka. Kuseka kwa mbali imodzi, konyansa, malovu ndi zonse. Anati, pang'onopang'ono, ndipo palibe anayerekeza kumumalizira, "Diresiyo... inali yoipa kale."

Pambuyo pake anandipeza kukhitchini ndikupukuta ndi mchere. Anatseka chitseko ndi ndodo, nkutsamira pa firiji. Kutsamira si kukhala, akuti anafunsa wansembe.

"Kumo. Njovu zako zikundithera udzu."

Ndati zikupuma.

"Miyezi itatu? Zinadwalanso sitiroko?"

Ndinangopitiriza kupukuta.

"Obrad anandipatsa doko. Obrad. Tsiku limenelo ndinamufunsa Ljubinka, adokotala akuuza chiyani chimene sukundiuza? Ndinaganiza kuti ndatsala ndi sabata."

Ndati, ndikawoloka utuluka. Fayilo sidzabweranso kwa iwe. Uzidzameta ndevu chifukwa cha ndani?

Diso lake lamanja, lomwe limagwa pang'ono akatopa, linali litagwa.

"Wabwera lero ndakuitana? Sindinakuitane. Wangolowa, wadya, wanditukwana. Ndi mmene kuma amachitira. Koma kuima pachipata miyezi itatu, kumandisuzumira ngati ndamwalira kale... kumeneko ndiye kundinyoza. Lowa kapena pita kwanu."

Kenako Ljubinka analowa kudzatenga sarma ina, ndipo iye anatuluka, ndodo gogodo, gogodo. Anaima mpaka kandulo inazimitsidwa ndi vinyo. Maola asanu. Ndinawerenga.

Lachitatu, 22 Novembala

Fayilo yafika 11 koloko. Uthenga wa mawu awiri: "Udzu watha."

Lachinayi, 23 Novembala

Ndawoloka.

Ndinasintha kalasi ya m'mawa, ndinauza ophunzira kuti ndikupita kwa dokotala wa mano. Mulungu andikhululukire, Obrad wagwirako ntchito kamodzi. Ndinatseka chitseko, ndinaphika khofi, ndinachita zonse mwa dongosolo lake monga ndinazilotera chaka chathunthu. Zoponyera miyala poyamba, pa linga la kum'mawa. Kenako njovu, m'mizere inayi. Pamene yoyamba inaponda m'madzi, kamtima kanga konyansa kanavina. Ndilembe zoona: ndinasangalala. Mphuno ikutuluka mamina, koma ndinasangalala.

Linga linagwa msanga kwambiri. Pachipata panali ankhondo atatu a mikondo, amakedzana, amene anawapanga chaka choyamba. Atatu! Ndinaganiza kuti dzanja lamulepheretsa ngakhale kuika alonda, ndipo ndinalira ngati chitsiru, ndikudinabe. Mbendera yanga inakwera pa mzinda.

Ndinadikira lipenga lija, ndi mawu aakulu onena kuti ufumu wagwa. Palibe. Sikirini ili duu. Ndinalowa mu mzindamo kuyang'ana. Nkhokwe mulibe kanthu. Msika mulibe kanthu. Pamalo pa nyumba yachifumu pali dimba la kabichi.

Mwina pulogalamu ndi yakale, lipengalo lidzalira fayilo ikafika kwa iye. Asilikali onse anali atayenda kale, panalibenso choti ndisunthe. Ndatumiza kwa Obrad.

Bora sakundiyankhula. Wadziphikira yekha mazira, wasiya poto m'sinki kuti ndione kukula kwa tchimo langa.

Lachisanu, 24 Novembala

Obrad waimba ndili pa basi. Ndinachita kuchotsa foni kukhutu, mayi wina pambali panga anamva zonse ndipo anasuntha. Ndine fisi. Ndine chigawenga. Ndapha kum wanga ndi njovu. Mayiyo anatsika pa siteji yomwe si yake.

Ndati, Obrad, ukuona pa mndandanda, dzina lake lazimitsidwa?

Akuti ayi, likadalipo, koma si nkhani imeneyo, nkhani ndi umunthu.

Likadalipo. Hmm.

Loweruka, 25 Novembala

Ndinapita ku famase kukagula mankhwala a chala chomwe anandiponda Bora. Desanka sanandiyang'ane kumaso. Anandikulungira ngati akukulunga poizoni. Kenako sanapirire.

"Munthu wofatsa ngati uja. Ukudziwa kuti sanandipemphepo golide, kapena asilikali? Ndikamufunsa ndikupatse chiyani, amangoti matabwa. Nthawi iliyonse, matabwa. Ndinkati mwina akumanga tizipatala, wachisoni uja."

Ndinafunsa kuti kuyambira liti.

Akuti Seputembala.

Ndinatuluka osatenga chenji. Pakati pa msewu wa oyenda pansi ndinaima, galimoto zikuimba mahutala.

Matabwa. Doko. Nyumba yachifumu yomwe palibe. Ikhoza kusamutsidwa, inde ikhoza, zimatenga mizungulo khumi ndipo palibe wamisala amene anayesapo chifukwa mdani sangakudikire mizungulo khumi. Pokhapokha mdaniyo akhale mayi wa madigiri awiri amene waima pa mtsinje akusisita chikumbumtima chake. Waisamutsira ku doko la Obrad. Ndipo kuchokera ku doko limenelo, chombo chimafika pa likulu langa mu mzungulo umodzi. Likulu langa, lomwe ndinalisiyira oponya mivi awiri ndi wansembe, chifukwa aliyense wotha kunyamula ndodo ndinamutumiza ndi njovu.

Ndipo fayilo ili kwa Desanka. Ikachoka apo ipita kwa iye. Sindingasunthe ngakhale nkhuku.

Lamulungu, 26 Novembala

Ndamupempha Desanka kuti atumize zombo zake zikatseke njira. Akuti, "Ukufuna ndimenyane ndi wodwala? Ulibe manyazi?" Ndamuuza kuti wodwalayo ali ndi nkhalango yake yonse yoyandama panyanja. Akuti ndi chikumbumtima chikundilotetsa.

Ndaima pawindo theka la tsiku ngati mbuzi yomangidwa kuseri kwa butchala.

Lolemba, 27 Novembala

Fayilo ili kwa Gvozden. Ljubinka akuti wameta, wavala malaya oyera, wapempha kuti asamusokoneze. Akuti akuimba nyimbo.

Lachiwiri, 28 Novembala

Ndinatsegula imelo 8 koloko. Palibe. 9 koloko, palibe. Ndili m'kalasi foni ili pa tebulo chagada, ine ndikuphunzitsa za kugwa kwa mizinda ngati munthu wosadziwa kanthu. Cha m'ma 12 Obrad waimba, kamawu kakang'ono.

"Dobrila, fayilo yabwera kwa ine. Yakudumpha. Dzina lako lili lotuwa." Kenako: "Pali zombo makumi atatu zikuyang'ana kwanga. Wazitenga kuti?"

Ndati, funsa umunthu.

Zaka zisanu. Mizinda makumi awiri ndi itatu, misewu yonse ija, laibulale yomwe ndinaimanga anthu akufa ndi njala. Zonse zaphwasuka chifukwa cha oponya mivi awiri, ndipo mmodzi akuti anathawa.

Gvozden mwini wake waimba 1 koloko, ndikudya sangweji mu ofesi.

"Kumo! Uli pansi? Khala pansi, Mulungu akuona."

Ndati, Kume, ndiwe njoka. Unayamba liti?

"M'chipatala. Sabata yachiwiri. Kuyankhula sindinkatha, koma kuwerenga mizungulo ndinkatha. Ndinati Dobrila aima kasanu, mwina kasanu ndi kamodzi, sizikwana. Iwe kakhumi ndi kawiri! Ndinachita kusowa chochita ndi nthawi, ndinadzala kabichi."

Ndati, ndiye za kukhitchini zija? Diso lija? Kundinyoza, lowa kapena pita kwanu?

"Zimenezo zinali zoona," anatero. "Komanso zombo zinali zitakonzeka, ndipo ndinkafuna njovu zikhale tsidya lino la mtsinje. Zonse ziwiri. Ndine wodwala, si woyera."

Anandinyoza mphindi khumi ndi zisanu. Za oponya mivi, za laibulale, za diresi. Ndinazindikira foni itadulidwa kuti sanakakamire pa liwu ngakhale limodzi. Ndinakhala ndikuyang'ana khoma, sangweji m'manja, pakamwa pakumwetulira popanda chilolezo changa. Zonyansa.

Bora wayambanso kundiyankhula. Akuti ankadziwa. Mxii.

Choncho, kwa a Gvozden Lazarac, amakanika opuma pantchito, kum, wachinyengo, ndikufuna chipukutamisozi motere. Misozi yomwe ndinalira m'chimbudzi cha aphunzitsi pa 4 Seputembala ibwezedwe yonse, m'botolo, yosasungunula. Pakati pa likulu langa lakale paimikidwe chipilala changa, chachitali kuposa chake, nkhope ikhale ya zaka makumi atatu. Tsiku limene zombo zake zidzafike kwa Obrad, ndipatsidwe mpando pambali pake, ndi khofi, ndipo batani lowotchera mzinda woyamba ndidine ine. Ndipo njovu zanga makumi anayi, zomwe pano ndi zamasiye m'dimba la kabichi, aziperekeze yekha kudutsa mapiri mpaka kwawo, wapansi, imodziimodzi, akupepesa iliyonse potchula dzina lake. Maina ndimutumizira. Zonse zili nawo.